Ulendo wa banja ku Iceland m'mwezi wa Juni: zovala, tulo, msewu ndi malo okaona

Amalawi ambiri dzina la Iceland analimvera ku Mangochi. Ubale wa mayiko awiriwa unayamba mu 1989 pa nkhani za usodzi, ndipo mpaka lero boma la Iceland limathandiza zipatala, sukulu ndi madzi aukhondo m'boma la Mangochi. Ku Lilongwe lili ndi ofesi ya kazembe. Alipo amene apita ku Iceland kukachita maphunziro, pomwe abale athu okhala ku Britain amangokwera ndege ya maola atatu kuchokera ku London n'kukatera pa bwalo la Keflavík. Kaya mukupita ku msonkhano kapena kukaona malo ndi ana, mwezi wa Juni ndi umodzi mwa miyezi imene ambiri amasankha. Ndi mwezi wabwinodi, koma muudziwe khalidwe lake: dzuwa limachuluka, kutentha kumachepa, ndipo cholamula tsiku ndi mphepo. Banja lokonzekera zitatuzi limabwerako likusimba zokoma.

Nyengo yake

Iceland ndi chilumba cha m'nyanja ya Atlantic, kumpoto kwenikweni, ndipo likulu lake ndi Reykjavík. Pa kalendala yawo yamakolo chilimwe chimayamba Lachinayi loyamba pambuyo pa 18 Epulo, tsiku la tchuthi limene amakondwerera ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa. Kwa mlendo nyengo yoyendera imayamba kumapeto kwa Meyi. Mu Juni, masana ku Reykjavík kumafika madigiri 12 kapena 13, usiku n'kutsika mpaka cha m'ma 7. Likangofika tsiku la madigiri 18, eni dziko amavula majuzi n'kukhala panja. Inu yerekezani m'mawa wa Julayi ku Thyolo chiperoni chitakhazikika, muwonjezerepo mphepo ya kunyanja. Chilimwe chawo n'chimenecho.

Meyi ndi Juni ndi miyezi imene mvula imachepako, komabe imagwa. Mpweya wofunda wa kummwera umakumana ndi wozizira wa ku Arctic pamwamba pa chilumbachi, n'chifukwa chake tsiku limodzi lingayambe ndi dzuwa, masana mvula yowaza, madzulo chifunga. Mitengo ndi yochepa, ndiye mphepo ilibe choitchinga. Kumpoto ndi m'mapiri chipale chimatha kugwa ngakhale kumayambiriro kwa Juni.

Musanatuluke m'nyumba m'mawa uliwonse, tsegulani vedur.is, tsamba la bungwe loona za nyengo. Yambani ndi mapu a mphepo, za mvula pambuyo. Kumeneko mphepo amaiyeza m'mamita pa sekondi. Ikakhala 5 mungayende bwinobwino. Pa 10 ana ayamba kudandaula kuzizira. Pa 15, omwe ndi makilomita 54 pa ola, galimoto imayamba kugwedezeka ndipo kuyenda pafupi ndi phompho n'kuika moyo pachiswe. Ikafika 20, ulendo wautali usiyeni. Machenjezo awo ali m'mitundu itatu: wachikasu, wa olenji ndi wofiira. Za misewu muziona pa umferdin.is, za ngozi za m'malo okaona pa safetravel.is. Nambala ya pangozi ndi 112, ndipo mwana aliyense wodziwa kugwira foni aiike pamtima.

Zovala

Chijasi chimodzi chokhuthala sichithandiza. Mukamakwera chitunda chikutulutsani thukuta, mukachivula muzizidwa. Valani zovala zitatu zosanjikiza, kuti muzichotsa ndi kubwezera malinga ndi mmene kunja kukusinthira. Chamkati chikhale cha ubweya kapena cha nsalu youma msanga ngati za osewera mpira. Malaya a thonje amasunga thukuta n'kumakuziziritsani. Chapakati chikhale juzi. Chakunja chikhale jekete losalowa madzi kapena mphepo, lokhala ndi chipewa chake chomanga ndi chingwe, pamodzi ndi thalauza losalowa madzi lovala pamwamba pa linzake. Jinzi ikanyowa m'mawa imakhala yonyowa mpaka madzulo, ndiye muisungire masiku a m'tauni.

Ambulera isiyeni kunyumba. Mvula ya kumeneko imabwera chopingasa, ndipo ambulera sichedwa kutembenuzika. Nsapato zikhale zofika mu akakolo, zosalowa madzi, zapansi zogwira bwino pa miyala yoterera. Musakaziyambire kumeneko, zivaleni masabata angapo kuti zisakakulumeni. Amayi amene anazolowera siketi kapena chitenje avale thalauza lothina la ubweya mkati, poti mphepo ya pa mathithi simvera chitenje. Mwana aliyense akhale ndi chipewa chophimba makutu, magolovesi, ndi masokosi apadera m'chikwama cha tsikulo, chifukwa ana sadutsa chithaphwi osapondamo.

Zonsezi gulani musananyamuke. Pa kaunjika majekete ndi nsapato zotere zimapezeka pa mtengo wabwino, pomwe ku Reykjavík mungawononge ndalama ya tsiku lathunthu pa jekete limodzi. Juzi yawo yotchuka ya ubweya wa nkhosa, lopapeysa, ndi yofunda zedi ndipo imakhalitsa, koma ndi yodula, komanso imayabwa mukaivala pa khungu penipeni. Musaiwale mafuta odzola okhuthala ndi opaka milomo, pakuti mphepo imawumitsa khungu mpaka kuthetheka. Woyendetsa galimoto atenge magalasi a dzuwa, chifukwa madzulo dzuwa limakhala m'munsi kwa maola ambiri likuwomba m'maso.

Usiku wopanda mdima

Cha pa 21 Juni, dzuwa ku Reykjavík limalowa pakati pa usiku n'kutulukanso nthawi itatsala pang'ono kukwana 3 koloko m'mawa. Pakati pakepo kumangochita chisisira, mungawerenge nyuzipepala panja. Pa kachilumba ka Grímsey, kumpoto, dzuwa sililowa n'komwe masiku amenewo.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Ife tinazolowera kuti kukada ndiye kuti tsiku latha. Kumeneko kulibe chokuuzani. Mumapezeka mukadali pamsewu 11 koloko usiku, ana sanadye, woyendetsa wakhala pa chiwongolero kuyambira m'mawa, ndipo mawa lake aliyense ndi wolusa. Choncho tsatirani wotchi. Tcherani alamu ya nthawi yodya chakudya chamadzulo ndi ina ya nthawi yogona. Posungitsa malo ogona funsani ngati ali ndi makatani otchinga kuwala. Ngati alibe, chitenje chakuda ndi mapegi anayi oyanikira zovala zimagwira ntchito yomweyo. Tsekani makatani ola limodzi ana asanagone kuti matupi awo amve kuti kwada. Akuluakulu agule tinsalu tophimba m'maso. Kumbukiraninso kuti masitolo ndi malo odyera amatseka pa nthawi yake ngakhale dzuwa lili m'mwamba.

Kuwalaku kuli ndi phindu lake. Ngati m'mawa kwagwa mvula, pumulani, mukaone mathithi 8 koloko madzulo mabasi a alendo atabwerera. Koma mukatero, mawa lake mudzuke mochedwa. Ana auzeni musananyamuke kuti kuwala kobiriwira kovina kumwamba kumene amaona pa zithunzi za Iceland sakakuona mu Juni, chifukwa kumafuna mdima wa pakati pa Seputembala ndi Epulo. Nthawi ya ku Iceland ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi, ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Britain m'miyezi imeneyi.

Mapepala ndi ndalama

Iceland ili m'gulu la mayiko a Schengen. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Britain. Pofunsira viza amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa malo ogona ndi tikiti yobwerera. Mungayambe kufunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndi bwino kuyamba msanga, monganso kusungitsa malo ogona ndi galimoto, poti Juni alendo amachuluka.

Ndalama yawo ndi króna, koma pafupifupi paliponse amalipira ndi khadi la kubanki, ngakhale pachimbudzi cha pamsewu. Dziwitsani banki yanu kuti mukutuluka, ndipo PIN muikumbuke, chifukwa mapampu ambiri a mafuta alibe munthu wothira. Malo ambiri okaona salipiritsa polowa koma amalipiritsa poimika galimoto. Makamera amawerenga nambala, ndiye wozemba bilu imamupeza kudzera ku kampani yobwereketsa galimoto. Mapulagi awo ndi a timiyendo tiwiri tozungulira, choncho tengani adaputa ya matchaja anu.

Pamsewu

Amayenda kudzanja lamanja. Kwa ife ozolowera kumanzere, ngozi ili potuluka pamalo othira mafuta kapena pamalo oimika galimoto msewu uli pululu, pamene dzanja limangobwerera ku chizolowezi. Wokhala pampando wakutsogolo akhale ndi ntchito yokumbutsa. Magetsi a galimoto amayatsa usana ndi usiku, aliyense amamanga lamba, ndipo mwana wosafika masentimita 135 amakhala pa mpando wa ana. Liwiro ndi makilomita 50 pa ola m'tauni, 80 pa msewu wa miyala ndi 90 pa tala.

Chitseko cha galimoto chisamaleni. Mukaima pamalo a mphepo, lozetsani mphuno ya galimoto kumene mphepo ikuchokera. Tsegulani chitseko chimodzi pa nthawi, mutachigwira ndi manja awiri, ndipo ana asatsegule okha. Mphepo ikachipeza kumbuyo imachikankha mpaka mahinjesi kupindika, ndipo inshuwalansi zambiri sizilipira zimenezo. Funsani bwino pobwereka galimoto kuti inshuwalansi yanu ikukhudza chiyani pa miyala yothetha galasi ndi mchenga wokala penti. Safunsa anadya phula.

Milatho yambiri ya kummwera ndi kummawa ndi yodutsa galimoto imodzi. Amene wayandikira ndiye amayamba. Nkhosa zimaswa mu Meyi, ndipo mu Juni zimayenda momasuka m'mbali mwa msewu. Mukaona mayi mbali ino ana mbali inayo, chepetsani liwiro, anawo adumpha basi. Pamene tala akuthera n'kuyamba miyala, chepetsaninso musanafikepo. Musaime pakati pa msewu kuti mujambule. Kutuluka mu msewu n'kuyendetsa galimoto m'thengo ndi mlandu wa chindapusa chachikulu, chifukwa ndere zophimba miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka makumi ambiri kuti zimerenso. Misewu ya m'mapiri a pakati pa dziko, imene nambala yake imayamba ndi F, imatsegulidwa kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi, imafuna galimoto yokoka mateyala onse anayi, ndipo ina imawoloka mitsinje yopanda mlatho. Banja lopita koyamba liisiye.

Malo okaona

Ulendo woyamba wa ambiri ndi wozungulira malo atatu a kufupi ndi Reykjavík, wotheka tsiku limodzi. Ku Þingvellir ndi kumene nyumba yawo ya malamulo, Alþingi, inayamba kukumana m'chaka cha 930, ndiponso kumene analengeza pa 17 Juni 1944 kuti dziko ladziimira palokha kuchoka m'manja mwa Denmark. Mumayenda m'chigwa cha Almannagjá pakati pa makoma a miyala, pamalo pamene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, pafupifupi masentimita awiri pa chaka. Njira yake ndi yabwino ngakhale kwa agogo.

Kuchoka apo mufika ku Geysir, kumene kasupe wotchedwa Strokkur amaphulika mphindi zisanu mpaka khumi zilizonse. Madzi amayamba akwera n'kutsika m'dzenje, kenako amatukumuka chithuza chachikulu chabuluu, n'kuthovoka m'mwamba mamita 15 mpaka 20. Onani kumene nthunzi ikulowera ndipo muime mbali inayo. Timifuleni ta m'mbali mwa njira ndi ta madzi otsala pang'ono kuwira, ndiye dzanja la mwana musalitaye, ndipo chingwe chotchinga musachidumphe. Pafupi pomwepo pali mathithi a Gullfoss, pamene mtsinje wa Hvítá umagwa mamita 32 m'masitepe awiri. Valiranitu jekete m'galimoto, mame ake amanyowetsa.

Gombe la kummwera limafuna masiku awiri. Mathithi a Seljalandsfoss, a mamita 60, ali ndi kanjira kodutsa kumbuyo kwa madzi. N'koterera, ndipo mutulukako mutanyowa. Patsogolo pake pali Skógafoss, m'munsi mwa Eyjafjallajökull, phiri lija linaphulika mu 2010 n'kuimitsa ndege ku Ulaya. Kufupi ndi tauni ya Vík kuli gombe la mchenga wakuda la Reynisfjara, ndipo pano tcherani khutu. Nyanja imaoneka yodekha, mafunde asanu kapena khumi amathera patali, kenako limodzi limathamanga kukwera mchenga kupitirira onse, n'kugwetsa munthu n'kumukokera m'madzi ozizira ndi akuya. Alendo afapo pamenepa. Polowera pali chikwangwani cha magetsi osonyeza kukula kwa ngozi, chimvereni. Musafulatire nyanja pojambula, ndipo ana asathamangitsane ndi mafunde.

Juni ndi mwezi wa mbalame. Pa Dyrhólaey ndi pa zilumba za Vestmannaeyjar, kumene sitima ya Herjólfur imafika pa mphindi 40 kuchokera ku Landeyjahöfn, mungaone mbalame za milomo yamawangamawanga zotchedwa lundi, makamaka madzulo zikabwera kunyanja. Zimakumba mauna m'mphepete mwa phompho, choncho nthaka ya pamenepo ndi yofumbutuka, musayandikire. Nthawi yoswa, malo ena amatsekedwa usiku. Mbalame ina yoyera, kría, imajompha pamutu aliyense woyandikira chisa chake. Kwezani ndodo m'mwamba n'kuchokapo.

Nyanja ya Jökulsárlón, mmene mumayandama zibuma za madzi oundana, ili pa mtunda wa makilomita 380 kuchokera ku Reykjavík, maola asanu pa galimoto. Kupita ndi kubwerera tsiku limodzi muli ndi ana n'kudzizunza, gonani panjira. Musakwere pa zibumazo, zimagubuduka, ndipo pa phiri la madzi oundana pitani ndi wolondolera wodziwa ntchito yake basi. Msewu waukulu wozungulira dziko lonse, wa nambala 1, ndi wa makilomita oposa 1,300 ndipo umafuna sabata yathunthu kapena masiku khumi. Amene ali ndi nthawi imeneyo akaone anamgumi ku Húsavík ndi nyanja ya Mývatn, atatenga kaukonde kophimba kumaso chifukwa cha tintchentche tambirimbiri ta kumeneko. Malungo kulibe.

Kusamba ndi kudya

Nyumba pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi otentha a pansi pa nthaka, ndipo pafupifupi tauni iliyonse ili ndi dziwe losambira la madzi ofunda. Blue Lagoon ndi yotchuka, koma ndi yodula, imafuna kusungitsiratu malo, silandira ana osafika zaka ziwiri, ndipo nthawi zina imatsekedwa chifukwa cha mapiri a ku Reykjanes amene akhala akuphulika kuyambira 2021. Maiwe a m'tauni ngati Laugardalslaug ku Reykjavík ndi otsika mtengo ndipo ana amasangalala nawo kwambiri. Lamulo lake n'lakuti musanalowe m'dziwe mumavula zonse n'kusamba ndi sopo, amuna kwawo akazi kwawo, kenako n'kuvala chosambira. Kwa ife n'zochititsa manyazi, makamaka bambo ndi mwana wake wamkulu, choncho kambiranani musanapite, mulowe mosiyana nthawi, kapena funsani kachipinda kotseka, maiwe ambiri ali nako.

Chakudya cha m'malesitilanti n'chimene chimatha ndalama. Pezani malo ogona okhala ndi khitchini, mugule zophika ku Bónus kapena Krónan: mpunga, mbatata, mazira, nsomba, buledi ndi skyr, chakudya chawo cha mkaka chokhuthala chimene ana amachikonda. M'mawa konzani kamba wa paulendo ndi tiyi wa mu fulasiki, chifukwa kumidzi masitolo ndi otalikirana. Madzi a m'botolo musagule. Ozizira a pampopi ndi abwino kwambiri. Otentha amanunkha ngati dzira lovunda chifukwa cha sulufule, ndiye ndi osamba ndi kutsukira, ophikira tengani ozizira. Tsiku lozizira lawani kjötsúpa, msuzi wa nyama ya nkhosa ndi ndiwo zamasamba. Amene sadya nkhumba adziwe kuti masoseji a pylsur ogulitsidwa pamalo othira mafuta amasakaniza nkhosa, ng'ombe ndi nkhumba. Nyama ndi za mkaka zochokera kwathu musanyamule, sizilowa.

Kagawidwe ka masiku asanu

Tsiku lofika musapite patali. Kuchokera ku Keflavík kufika ku Reykjavík ndi makilomita 50. Gulani zakudya, yendani m'tauni, kwerani nsanja ya tchalitchi cha Hallgrímskirkja, mugone msanga. Ngati muliko pa 17 Juni, khalani m'tauni muonere ligubo la tsiku la ufulu wawo. Tsiku limodzi lipatseni Þingvellir, Geysir ndi Gullfoss. Masiku awiri ndi a gombe la kummwera, kugona ku Vík kapena chapafupi. Tsiku lachisanu musaliikire chilichonse.

Masiku amenewa musawamange pa kalendala. Madzulo aliwonse khalani pamodzi, onani mapu a mphepo ndi mvula a mawa, musankhe kolowera, pakuti nthawi zambiri kummwera kukamagwa mvula kumadzulo kapena kumpoto kumakhala kowala. Posungitsa maulendo a boti kapena a basi, sankhani olola kusintha tsiku. Chenjezo likakhala lachikasu fupikitsani ulendo ndipo pewani mapiri ndi magombe. Likakhala la olenji kapena lofiira galimoto isachoke pakhomo: pitani kudziwe, kunyumba yosungira zakale, kapena phikani n'kupumula, ndipo malo amene mwaphonyawo mukawaone pa tsiku lopanda dongosolo lija.